Phwetekere wa padzala ndi nkhokwe ya ku Ithaca

  Ndiyankhula Chichewa, ngakhale ndikudziwa kuti kuno ku Chitipa ukangowoloka kamtsinje kamodzi dzina la ndiwo lasintha. Mundipirire. Nkhani ya mayinayi tiipezanso kutsogoloku.

Tiyambe ndi kafunso. Atakuyalirani pamphasa tomato, mbatatesi, tsabola, mabilinganya, tsamba la fodya ndi mbatata ya kholowa, n'kukufunsani kuti mlendo ndani pamenepa, mungaloze chiyani? Ambiri aloza fodya, poti sadyedwa. Ayi ndithu. Mlendo ndi mbatata ya kholowa. Imangofanana dzina ndi mbatatesi, koma ndi ya fuko lina. Zotsalazo ndi ana a mbumba imodzi, imene akatswiri a zomera amaitcha Solanaceae. M'mbumba yomweyo muli jamu, muli nthula ya m'mbali mwa msewu imene mbuzi zimailambalala, muli mnadzi umene umamera wokha m'munda mvula ikagwa. Ngati mukukayika, mawa m'mawa kathotholeni duwa la tomato, la mbatatesi ndi la nthula, muwaike pachikhatho. Onse ndi kanyenyezi ka nsonga zisanu, pakati pali kachulu kachikasu.

Chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo mlimi amachidziwa chibale chimenechi kudzera m'mavuto. Chiwawu chimene chimapsereza masamba a mbatatesi kukachita chifunga ndi mvula yamvumbi, ndi chomwecho chimawotcha tomato. Matenda ofotetsa aja, oti mbewu yagona masana kuli chinyezi chokwanira, ukadula tsinde n'kuliviika m'madzi limatulutsa utsi woyera ngati mkaka, amagwira tomato, mbatatesi ndi fodya. Tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu nato sitisankha. N'chifukwa chake alangizi amakana kuti pomwe panali nazale ya fodya mubzalepo tomato, ndipo amati wosuta ayambe wasamba m'manja ndi sopo asanagwire mbande, chifukwa kachirombo kopangitsa mawanga pa fodya kamayenda ndi zala. Zimenezi si zachilendo kwa inu.

Chimene ndabwerera lero ndi chakuti chibale chomwechi chinalembedwa, chilembo ndi chilembo, ndipo chili pa intaneti.

M'kati mwa kadontho kalikonse ka tsamba muli malangizo a chibadwa cha mbewuyo, amene amatchedwa DNA. Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwabwerezedwa mumndandanda wautali. Zigawo za mndandandawu zimene zimalamula chinthu chimodzi, kaya kukula kwa chipatso, kaya kuwawa kwa tsabola, zimatchedwa majini. Musadzidzimuke, agogo, si majini ovina ndi ng'oma aja, mawuwa anangogundana. Tomato ali ndi zilembo pafupifupi 900 miliyoni. Mutati muziwerenga chilembo chimodzi pa sekondi, osagona, osadya, mungathe zaka zoposa 28. Tsabola ali ndi pafupifupi 3.5 biliyoni. Fodya, amene timangomuona ngati tsamba lopachika m'chigafa, ali ndi pafupifupi 4.5 biliyoni, kuposa munthu amene ali ndi 3 biliyoni.

Mndandanda wa mbatatesi unasindikizidwa mu 2011 m'magazini ya sayansi ya Nature, ndipo anapezamo majini pafupifupi 39,000. Wa tomato unatuluka m'magazini yomweyo mu May 2012, ndi majini pafupifupi 35,000 ogawidwa m'mitolo 12. Tsabola ndi fodya zinatsatira mu 2014. Atayerekeza tomato ndi mbatatesi anapeza kuti zilembo zawo zimasiyana pang'ono chabe kuposa 8 pa 100 zilizonse. Zina zonsezo n'zofanana. Chimodzi chimabereka m'mwamba, chinzake pansi, koma kalata yawo ndi imodzimodzi.

Zilembo zochuluka chotere sizisungidwa m'buku. Zimafuna nkhokwe, ndipo nkhokwe yaikulu ya mbumbayi ili mumzinda waung'ono wa Ithaca, m'chigawo cha New York ku America, ku Boyce Thompson Institute, pabwalo la yunivesite ya Cornell. Dzina lake ndi Sol Genomics Network, mwachidule SGN, ndipo amene waiyang'anira zaka zambiri ndi katswiri wotchedwa Lukas Mueller. Pa intaneti mumaipeza polemba solgenomics.net. Palinso ina ya mbatatesi yokha, Spud DB, imene inayambira ku Michigan State University, ndiponso nkhokwe zikuluzikulu zosunga zilembo za chamoyo chilichonse, monga GenBank. Nkhokwe zimenezi zilibe loko. Salipiritsa. Mwana wa ku Chitipa Secondary School ali ndi ufulu wotsegula tsamba lomwelo limene pulofesa wa kunja akutsegula.

Ine ndinayesa kuitsegula pa foni. Zinabwera ndi mizere, manambala, mabokosi a mitundumitundu, Chingerezi cha akatswiri chimene ngakhale mphunzitsi wa Chingerezi angachisiye panjira, ndipo bandulo yanga inatha ndisanamvetse chilichonse. Choncho ndisakunamizeni kuti mlimi adzapezamo mankhwala a tomato wake usiku uno. Nkhokweyi ndi ya ofufuza. Koma ntchito imene ofufuza amagwira nayo imathera m'dimba mwanu, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa.

Tinene kuti katswiri wopanga mbewu akufuna tomato wopirira tinyongolotsi totupitsa mizu. Jini yoteteza ku tinyongolotsiti ilipo, imatchedwa Mi, ndipo inatengedwa m'ma 1940 kuchokera kwa tomato wam'tchire wa ku Peru, wobereka tizipatso tobiriwira tosadyeka. Kale katswiriyo ankakwatitsa mitundu iwiri, n'kufesa ana mazanamazana, n'kuwabzala m'dothi la matenda, n'kudikira, kenako n'kuzula mmodzimmodzi kuona mizu. Lero amapita pa SGN, amaona pamene jiniyo yakhala pa mtolo wachisanu ndi chimodzi, amatenga zilembo zoizungulira ngati chizindikiro, ndipo mbande zikadali pa nazale amangotsina kansonga ka tsamba n'kukapima. Yokhala ndi chizindikiro amasunga, yopanda amataya. Sanasinthe chibadwa cha mbewu, sanalowetse chachilendo. Wangosankha monga amasankhira amayi chitsononkho chabwino cha chimanga chodzabzala, kungoti iye akuona zam'kati mbewu isanabereke.

Ndipo chibale chija chimathandiza apa. Jini ikadziwika mwa tomato, wofufuza amatenga zilembo zake n'kufunsa nkhokwe kuti kodi mwa tsabola kapena mwa mbatatesi muli yofanana nayo. Kompyuta imayankha m'masekondi. M'ma 1990 akatswiri anatenga jini yotchedwa N, yoteteza fodya ku kachirombo ka mawanga, n'kuiika mwa tomato, ndipo inagwira ntchito ngati ili kwawo. Ku Uganda, bungwe la boma la kafukufuku la NARO pamodzi ndi International Potato Center anayesa ku Kachwekano mbatatesi ya mtundu wa Victoria imene anaiika majini atatu ochokera ku mbatatesi zam'tchire, ndipo inaima osapoperedwa mankhwala a chiwawu. Iyo ndi njira ina, yosintha chibadwa, imene ili ndi malamulo ake ndi mikangano yake. Kuno kwathu lamulo loona zimenezi ndi la 2002. Tidzaikamba tsiku lake.

Mbatatesi ndi yovuta kuposa tomato, ndipo a ku Misuku ndi onse olima kumtunda kozizira amve bwino apa. Tomato amalandira mtolo uliwonse wa chibadwa kawiri, umodzi kwa mayi, wina kwa bambo. Mbatatesi imene timadya imakhala ndi mtolo uliwonse kanayi. Ukakwatitsa ziwiri, ana amatuluka osiyanasiyana ngati a pamsika, ndipo kupeza mmodzi wokhala ndi zabwino zonse kumatenga zaka khumi kapena kuposerapo. N'chifukwa chake mitundu yakale monga Rosita ndi Violet yakhala nafe nthawi yaitali, ndipo chifukwa timabzala mbatatesi yeniyeniyo osati njere, matenda a make amapitirira kwa mwana chaka ndi chaka. Chida chilichonse chodula zaka khumizo pakati n'chofunika kwa ife kuposa kwa mlimi wa ku Holland amene amagula mbewu yatsopano nyengo iliyonse.

Tsopano tifike pamene pali mtima wa nkhani yanga.

Tomato amene zilembo zake zinawerengedwa mu 2012 ali ndi dzina: Heinz 1706. Ndi mtundu wa kampani ya ku America yopanga msuzi wa m'mabotolo. Kwa zaka zingapo, tikamati chibadwa cha tomato, tinkanena za mtundu umodzi umenewo. Mu 2019, akatswiri a ku Boyce Thompson Institute komweko ndi anzawo anasanthula mitundu 725 ya tomato, wolimidwa ndi wam'tchire, ndipo anapeza majini 4,873 amene mwa Heinz 1706 mulibiretu. Ambiri mwa iwo anali okhudza kudziteteza ku matenda. Anapezanso kuti mtundu wina wa jini yotchedwa TomLoxC, imene imathandiza fungo ndi kakomedwe, ndi wofala mwa tomato wam'tchire koma umapezeka mwa apo ndi apo chabe mwa tomato wamkulu wolimidwa. Anthu posankha chipatso chachikulu, cholimba, chosaphwanyika m'lole, anataya zina osadziwa.

Ndiye taganizani za phwetekere. Kaja kamamera kokha padzala, kuseri kwa khola, palibe wothirira, palibe wopopera, koma kamabereka mpaka mwezi wa June, ndipo kawiri katatu kokha mu mphika ndiwo zakoma. Amayi amadziwa kuti tomato wamkulu wa pamsika safika pamenepo. Kusiyana kwa kukula kuja akatswiri anakufufuza kale: mu 2000 gulu la Steven Tanksley wa ku Cornell linapeza jini yotchedwa fw2.2, imene payokha imasintha kulemera kwa chipatso ndi gawo lofika 30 pa 100. Koma funso la kuno si kukula. Funso n'lakuti, kamakhala bwanji moyo padzala paja, pamene tomato wa m'paketi akufuna mankhwala mlungu ndi mlungu? Mwina ndi mwayi chabe wa manyowa ndi kutalikirana. Mwina kali ndi china chake m'kati. Yankho lingapezeke pokhapokha wina atatola njere zake ku Kameme, ku Wenya ndi ku Misuku, n'kuzibzala moyandikana ndi mitundu ya m'sitolo, n'kulemba zimene akuona, n'kutumiza tsamba kukawerengedwa. Kompyuta ya ku Ithaca singachite zimenezo. Imadziwa zimene yapatsidwa basi.

Chimodzimodzi mnadzi, ndi mabilinganya athu aang'ono owawira aja amene anzathu a ku Zambia, kungowoloka apa, amati impwa. Mbewu zimenezi akatswiri amazitcha zamasiye, chifukwa zimadyetsa anthu mamiliyoni koma ndalama za kafukufuku zimazilambalala. Mu 2011 kunakhazikitsidwa mgwirizano wa African Orphan Crops Consortium, umene labotale yake ili ku Nairobi, ndi cholinga chowerenga chibadwa cha mbewu 101 za mu Africa. Mu 2019 chibadwa cha impwa chinasindikizidwa, ndipo ena mwa olemba anali a ku Uganda Christian University. Anapezamo majini ambiri olimbana ndi matenda. Izi n'zabwino, ndipo zikusonyeza kuti Mwafrika sayenera kungokhala wowerenga. Koma mtundu umodzi kapena makumi angapo a impwa sangayimire impwa yense, monga momwe Heinz 1706 analepherera kuyimira tomato yense.

Ine ndikuona kuti Chitipa ili ndi chinthu chimene nkhokwe zimenezi zimachisowa kwambiri. Kuwerenga zilembo kwatsika mtengo koopsa m'zaka makumi awiri zapitazi. Chodula tsopano ndi kudziwa mmene mbewu imachitira m'munda weniweni: inadwala liti, inapirira chiyani, inakoma bwanji, inabereka pa dothi lotani. Zilembo zopanda mbiri ya m'munda zili ngati kaundula wa mayina a anthu amene palibe anawaonapo nkhope. Boma lino lili ndi chigwa chouma cha pa Boma ndi Lufita, lili ndi mapiri a chifunga a Misuku kumene khofi amakula m'munsi mwa nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, lili ndi mapiri a Mafinga, lili ndi Nthalire m'mphepete mwa Nyika. Nyengo zingapo m'boma limodzi la anthu 234,927, malinga ndi kalembera wa 2018. Mbewu zimalowa kuchokera mbali zonse: za ku Tanzania kudzera pa Mbilima ndi Isongole, za ku Zambia kudzera njira ya ku Nakonde. Tengeru 97 ndi Tanya, mitundu ya tomato imene ambiri mumaigula m'mapaketi, inatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 kuchokera ku kafukufuku wa bungwe limene lero limatchedwa World Vegetable Center. Matenda ndi tizirombo nazo zimadutsa njira zomwezo, sizifunsa chiphaso. Kambozi koboola masamba ndi zipatso za tomato, Tuta absoluta, kamene Atanzania amati kantangaze, kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, kenako kanatipeza. Ena mwa achibale am'tchire a tomato, monga Solanum pennellii amene chibadwa chake chinawerengedwa mu 2014, ali ndi ubweya wonata pamasamba umene tizirombo timaukana, ndipo akatswiri akuyesetsa kuubweretsa mwa tomato wodyedwa. Akadzautulutsa, woyamba kuufuna ndi mlimi wa m'malire ngati inu.

Tsono mayina aja. Mlambya, Msukwa, Mndali, Mnyiha, Mtumbuka, Mnamwanga, aliyense ali ndi dzina lake la ndiwo zamasamba zimenezi, ndipo nthawi zina dzina limodzi limaphimba zomera ziwiri, nthawi zina chomera chimodzi chili ndi mayina atatu, lina la chowawa, lina la chosawawa. Mayi amene amasiyanitsa mnadzi wa masamba aakulu ndi wa masamba aang'ono, n'kudziwa uti umafuna kutaya madzi oyamba, akuchita ntchito imene wofufuza amaitcha kulongosola mitundu. Kusiyana kwake n'kwakuti mayiyu sanalembe, ndipo mdzukulu wake akudya kabichi.

Zipangizo zoyambira zilipo. Ku Meru kuno kuli malo a kafukufuku a unduna wa zamalimidwe. Ku Karonga kuli Baka, ku Mzuzu kuli Lunyangwa. Nkhokwe ya njere za dziko lino ili ku Chitedze, ku Lilongwe. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, ndi ku Mzuzu University kuli ophunzira amene chaka chilichonse amasakasaka mutu wa kafukufuku. Chondidandaulitsa n'chakuti likulu la kafukufuku wa ndiwo zamasamba ndi mbatatesi, Bvumbwe, lili ku Thyolo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera kuno, pamene Uyole, kumene Atanzania amafufuzira mbatatesi, ali pa Mbeya pompa. Msewu wa tala wa Karonga ndi Chitipa unafupikitsa ulendo wa matumba, koma ulendo wa nzeru ukadali wozungulira. Intaneti ndiyo ingadule mtunda umenewo, ngati magetsi ndi netiweki zilola. Pulogalamu ya kompyuta imene inamangira SGN ndi yaulere, ndipo anaigwiritsa kale ntchito pomanga Cassavabase ya chinangwa, Sweetpotatobase ya mbatata ya kholowa ndi Musabase ya nthochi, zimene opanga mbewu a ku Nigeria, Uganda ndi Tanzania amalembamo zotsatira za m'minda yawo. Wofufuza amayenda m'mizere ndi foni, amalemba, madzulo amatumiza. Palibe chifukwa choti zimenezi zilephereke ku Meru.

Koma pali munga, ndipo sindiubisa. Nkhokwe yopanda loko amatapamo aliyense. Mukatumiza zilembo za phwetekere wa ku Kameme, kampani ya mbewu ya kutali ingathe kuziwerenga, kupezamo jini yabwino, kupanga mtundu watsopano, n'kudzakugulitsani m'paketi pa mtengo wa madola, osaponda n'komwe ku Chitipa. Pangano la Nagoya la 2010, limene Malawi analowamo, linanena kuti wotenga chomera cha dziko lina apemphe chilolezo ndi kugawana phindu. Koma linalembedwa poganizira njere ndi masamba, zinthu zogwirika. Zilembo zimauluka popanda chikwama. Mayiko anakangana zaka zambiri, ndipo mu 2024, mumzinda wa Cali ku Colombia, anagwirizana zokhazikitsa thumba lotchedwa Cali Fund, loti makampani aakulu opindula ndi zilembo zotere aziponyamo 1 pa 100 ya phindu lawo kapena 0.1 pa 100 ya zonse zimene agulitsa, ndipo theka la ndalamazo lizifika kwa eni nthaka ndi anthu a m'midzi. Zomveka bwino. Koma kuponyako sikokakamiza, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine ndalama za ku Cali sindinaziwerengere.

Kodi ndiye tibise? Ine ndikuti ayi. Kubisa sikuteteza mbewu imene ikutha yokha chifukwa palibe akuibzala. Ndipo tisaiwale kuti tomato, mbatatesi, tsabola ndi fodya zonse zinachokera ku America, jini ya Mi inachokera ku Peru, ndipo ife takhala tikudya za eni ake zaka zonsezi. Chimene ndikufuna n'chakuti njere zikamachoka m'mudzi, zichoke ndi kalata: zatengedwa kuti, kwa gulu liti, ndi chilolezo cha ndani, dzina lake m'chilankhulo cha pamalopo ndi liti. Gawo lina likagone ku Chitedze lisanapite kwina kulikonse. Ndipo wofufuza, kaya ndi wa kunja kaya ndi mwana wathu wa ku Bunda, abwerere kudzanena zimene wapeza, pansi pa mtengo womwewo pamene anapemphera njerezo. Mafumu athu, a Mwaulambya, a Mwenemisuku, a Kameme, a Mwenewenya, a Nthalire, ali ndi mphamvu yofunsa funso limenelo kwa mlendo aliyense wobwera ndi timapepala tosungira njere.

Kwa aphunzitsi a zaulimi ndi sayansi m'sukulu zathu za sekondale, nayi ntchito yosafuna ndalama. Mvula ikagwa, mnadzi ndi phwetekere zikamera, tumani ana abwere ndi chomera chimodzi kuchokera kwawo, ndi dzina limene agogo awo amachitchula, ndi kaphikidwe kake. Panikizani masamba pakati pa nyuzipepala, lembani mudzi ndi tsiku, umitsani njere pamthunzi, muzisunge m'botolo louma. Tsiku limene netiweki yagwira bwino, tsegulani solgenomics.net, lembani Mi kapena fw2.2 m'kabokosi kofufuzira, anawo aone ndi maso awo mzere wa A, C, G ndi T umene uli m'tsamba lomwe agwira m'manjalo.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Amene muli ndi dzina la mnadzi m'Chilambya, m'Chisukwa, m'Chindali kapena m'Chinyiha, titumizireni uthenga, munene ndi mudzi wanu, tidzawawerenga mlungu wamawa nthawi ngati yomwe ino.